Lothian Buses

Lothian Buses ndi kampani yoyendetsa mabasi mumzinda wa Edinburgh, likulu la dziko la Scotland, komanso m'madera ozungulira mzindawu a East Lothian, Midlothian ndi West Lothian. Pa makampani onse a mabasi a ku United Kingdom amene eni ake ndi makhonsolo, iyi ndiyo yaikulu kwambiri. Khonsolo ya mzinda wa Edinburgh ili ndi magawo 91 pa 100 aliwonse a kampaniyi, ndipo otsalawo ndi a makhonsolo atatu oyandikana nayo. Kampaniyi ili ndi mabasi oposa 700 ndi antchito oposa 2,000, ndipo pa chaka anthu amakwera mabasi ake maulendo oposa 100 miliyoni.

Lothian Buses imadziwika makamaka chifukwa sinagulitsidwe. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, mizinda yambiri ya ku Britain inagulitsa mabasi ake kwa amalonda, koma Edinburgh inasunga ake. Pa mizinda inayi ikuluikulu ya ku Scotland, yomwe ndi Glasgow, Edinburgh, Aberdeen ndi Dundee, Edinburgh yokha ndi imene idakali mwini wa mabasi ake. N'chifukwa chake dzina la kampaniyi limatchulidwa kawirikawiri pakabuka mtsutso woti mabasi a mumzinda azikhala m'manja mwa ndani.

Mbiri

Matramu a mahatchi ndi a chingwe

Ntchito imene Lothian Buses ikugwira lero inayamba ndi matramu. Tramu ndi sitima yaing'ono yonyamula anthu, imene njanji yake imayalidwa mumsewu momwemo mmene mukuyenda magalimoto. Pa 6 Novembala 1871, kampani ya Edinburgh Street Tramways Company inayamba kuyendetsa matramu okokedwa ndi mahatchi kuchokera ku Haymarket, kudzera mumsewu waukulu wa Princes Street, mpaka ku Bernard Street ku Leith. Pa nthawiyo Leith, lomwe ndi doko la Edinburgh, inali tauni payokha yokhala ndi khonsolo yakeyake.

Mzinda wa Edinburgh ndi wa zitunda, ndipo mahatchi ankavutika kukoka tramu yodzaza anthu m'misewu yokwera ya kumpoto kwa Princes Street. Choncho mu 1888 kampani ina, ya Edinburgh Northern Tramways, inabweretsa matramu okokedwa ndi chingwe. Pansi pa msewu pankakumbidwa ngalande yopapatiza, ndipo m'ngalandemo munkayenda chingwe chachitsulo chimene injini za nthunzi zinkachizunguza tsiku lonse osaima. Woyendetsa akafuna kunyamuka ankagwiritsa tramu kuchingwecho ndi chipani chodzera pa mpata wa pakati pa njanji, ndipo akafuna kuima ankachisiya n'kumanga mabuleki. M'zaka za m'ma 1890 khonsolo inagula njanji za mumzindawu n'kuzibwereketsa kwa kampani ya Edinburgh and District Tramways, imene inafalitsa matramu a chingwe m'misewu ikuluikulu yambiri. Akuluakulu a mzinda anakonda njirayi chifukwa sankafuna kuti nthambo za magetsi zilendewere pamwamba pa Princes Street n'kuipitsa maonekedwe ake.

Koma matramu a chingwe anali ochedwa, ndipo chingwe chikaduka, matramu onse odalira chingwecho ankaima nthawi imodzi. Khonsolo ya Leith inasankha zosiyana: mu 1905 inayamba kuyendetsa matramu a magetsi. Popeza mitundu iwiriyi sinkatha kuyenda pa njanji imodzi, aliyense woyenda pakati pa Edinburgh ndi Leith ankatsika pamalire, pamalo otchedwa Pilrig, n'kukwera tramu ina, kaya kukhale mvula kapena chisanu. Anthu anangofika popatsa vutoli dzina loti chisokonezo cha pa Pilrig.

M'manja mwa khonsolo

Mgwirizano wobwereketsa njanji utatha, khonsolo ya Edinburgh inayamba kuyendetsa yokha matramu pa 1 Julayi 1919. Chaka chimenechi ndi chimene Lothian Buses imachitenga ngati chaka chake chobadwa, ndipo mu 2019 inakondwerera zaka 100. Kumapeto kwa 1919 komweko khonsolo inayambanso kuyendetsa mabasi a tsiku ndi tsiku. Mu 1920 tauni ya Leith inaphatikizidwa ku Edinburgh, ndipo khonsolo inafulumira kusintha njanji zonse kuti zikhale za magetsi. Mu Juni 1922 tramu inayamba kuyenda kuchokera ku Leith mpaka pakati pa mzinda popanda anthu kutsika pa Pilrig, ndipo mu 1923 matramu a chingwe anatheratu. Mabasi atachuluka, mu 1928 dipatimenti ya khonsolo yoona za matramu inasintha dzina n'kukhala Edinburgh Corporation Transport.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mzindawu unamanga nyumba zambiri m'mbali mwake, m'madera ngati Oxgangs, Drylaw ndi Clermiston. Kukafika ndi njanji m'madera amenewa kunkafuna ndalama zambiri, njanji zakale zinali zitatha ndipo zinkafunika kukonzedwa, pomwe basi inkangolowa mumsewu uliwonse umene wamangidwa. Khonsolo inaganiza zothetsa matramu, ndipo kuyambira mu 1952 inayamba kuwachotsa njira ndi njira. Tramu yomaliza inalowa m'depoti ya Shrubhill usiku wa pa 16 Novembala 1956, chikhamu cha anthu chitaima m'misewu kuitsanzika. Mabasi amene analowa m'malo mwake anatenga manambala a njira za matramu, moti manambala ena, monga 23, akugwirabe ntchito mpaka lero m'misewu yambiri yomweyo.

M'zaka za m'ma 1960 sitima zambiri zapamtunda zimene zinkaima m'masiteshoni ang'onoang'ono a mumzindawu zinasiya kunyamula anthu. Matramu atatha, sitimazo n'kuchepanso, basi inatsala yokha ngati njira yaikulu yoyendera kwa munthu wopanda galimoto. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu a ku Edinburgh, olemera ndi osauka omwe, anazolowerera kukwera basi. M'zaka za m'ma 1970 makondakitala ankachotsedwa pang'onopang'ono, ndipo ntchito yodula matikiti inapita kwa dalaivala.

Mu 1975 boma linasintha kagawidwe ka makhonsolo ku Scotland. Mabasi a Edinburgh anaperekedwa ku khonsolo yatsopano ya chigawo chonse, ya Lothian Regional Council, ndipo anthu anayamba kuwadziwa ndi chidule choti LRT.

Lamulo la 1985

Kuyambira mu 1930, kampani yofuna kuyendetsa basi panjira inayake ku Britain inkayenera kupeza chilolezo cha njirayo, ndipo kampani imene ili kale panjirayo inkatetezedwa kwa opikisana nayo. Dongosololi linkalola kuti phindu lochokera m'njira zodzaza anthu lizithandizira njira zopanda phindu, monga za usiku, za Lamlungu ndi za kumadera kokhala anthu ochepa. Boma la Margaret Thatcher linkaona kuti dongosololi likudya ndalama zambiri za msonkho ndipo likulepheretsa mpikisano. Mu 1985 linakhazikitsa lamulo latsopano la zamtengatenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 26 Okutobala 1986 ku Britain konse kupatula ku London.

Lamuloli linasintha zinthu ziwiri. Choyamba, kampani iliyonse yokhala ndi chiphaso inaloledwa kuyendetsa basi panjira imene yafuna, pa nthawi ndi pa mtengo umene yafuna, malinga ingolembetsa kutatsala masiku 42. Chachiwiri, makhonsolo analetsedwa kuyendetsa mabasi ngati dipatimenti yawo. Anayenera kukhazikitsa makampani oima paokha, odzipezera okha ndalama. Umu ndi mmene kampani ya Lothian Region Transport plc inabadwira mu 1986, masheya ake onse ali m'manja mwa khonsolo ya chigawo.

Lamuloli silinakakamize makhonsolo kugulitsa makampani atsopanowa, koma boma linkawalimbikitsa kutero, ndipo ambiri anagulitsadi. Ku Aberdeen, kampani ya Grampian Regional Transport inagulidwa ndi mabwana ndi antchito ake mu 1989, ndipo mu 1995 inaphatikizana ndi kampani ya Badgerline n'kupanga FirstBus, yomwe pambuyo pake inatchedwa FirstGroup. Ku Dundee antchito anagula mabasi a khonsolo mu 1991, koma mu 1997 anawagulitsa kwa National Express. Ku Glasgow antchito anagula Strathclyde Buses mu 1993, ndipo patangotha zaka zitatu FirstBus inaimeza. M'zaka zomwezi kampani ya Stagecoach, imene Brian Souter ndi mlongo wake Ann Gloag anaiyambitsa ku Perth mu 1980, inakula msanga pogula makampani ena. Iyi ndi Stagecoach yomwe ija imene inayendetsanso mabasi ku Malawi kuyambira mu 1989 mpaka 1997, itagula masheya mu United Transport Malawi.

Makhansala a Lothian, amene ambiri anali a chipani cha Labour, sanagulitse kampani yawo. Khonsolo ya chigawo itathetsedwa mu 1996, masheya anagawidwa kwa makhonsolo anayi amene analowa m'malo mwake. Mu 2000 kampaniyi inatenga dzina loti Lothian Buses.

Mpikisano wa mumsewu

Kukhala ya khonsolo sikunateteze kampaniyi kwa opikisana nayo. Chisanafike chaka cha 1986, mabasi a LRT ankayenda mkati mwa mzinda, pomwe mabasi obiriwira a kampani ya Eastern Scottish ankalumikiza mzindawu ndi matauni ozungulira. Lamulo litasintha, malirewo anafufutika. Eastern Scottish inalowetsa maminibasi m'njira za mumzinda, ndipo LRT inabwezera potalikitsa njira zake kukafika kumatauni a kunja. M'kupita kwa nthawi Eastern Scottish inagwera m'manja mwa FirstGroup.

Mpikisano unakula kwambiri mu 2001, pamene First inachulukitsa mabasi m'njira zodzaza anthu za Lothian n'kutsitsa mitengo. Manyuzipepala ankaitcha nkhondo ya mabasi. Kwa miyezi yambiri mabasi a makampani awiriwa ankatsatana m'misewu ya pakati pa mzinda, ena ali ndi anthu owerengeka okha, ndipo makampani onse awiri ankataya ndalama. Lothian inakadandaula ku bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, la Office of Fair Trading, kuti First ikugwetsa dala mitengo pofuna kuipha. Bungweli linagamula mu 2004 kuti First sinaphwanye lamulo. Koma pofika nthawiyo First inali itachotsa kale mabasi ake ambiri mumzindawu, ndipo Lothian inatsala ikulamulira pafupifupi njira zonse za mkati mwa Edinburgh.

Umwini ndi kayendetsedwe

Masheya a Lothian Buses anagawidwa motere: khonsolo ya Edinburgh ili ndi 91 peresenti, ya Midlothian pafupifupi 5 peresenti, ya East Lothian pafupifupi 3 peresenti, ndipo ya West Lothian ili ndi osakwana 1 peresenti. Mu 2013 khonsolo ya Edinburgh inakhazikitsa kampani ya Transport for Edinburgh kuti izisunga masheya ake mu Lothian Buses ndi mu Edinburgh Trams, kampani yoyendetsa matramu atsopano a mumzindawu.

Ngakhale eni ake ndi makhonsolo, makhansala sayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku. Kampaniyi ili ndi bodi yakeyake ndi mkulu woiyendetsa, ndipo iwowa ndi amene amasankha njira, nthawi ndi mitengo. Imagwira ntchito potsata malamulo omwewo amene First kapena Stagecoach imatsata, ndipo kampani ina iliyonse ili ndi ufulu wolowa m'njira zake. Ndalama zake zambiri zimachokera ku matikiti ndiponso ku zimene boma la Scotland limabwezera makampani a mabasi chifukwa chonyamula anthu oyenera kukwera ulele. Pali njira zochepa zimene makhonsolo amalipirira chifukwa sizingadzipezere zokha phindu.

Kusiyana kwake ndi makampani ena kuli pa kumene phindu limapita. Gawo lina limabwerera m'kampani kukagula mabasi atsopano, ndipo lina limaperekedwa kwa makhonsolo ngati eni masheya. M'zaka zingapo mliri wa Covid-19 usanabwere, makhonsolowa ankalandira mapaundi oposa 5 miliyoni pa chaka. Ndalama zimenezi zimalowa m'thumba la mzinda m'malo mopita kwa eni masheya a kutali.

Dongosololi lilinso ndi kukokana kwake. Khonsolo ikapanikizika pa chuma imafuna gawo lalikulu la phindu, pomwe kampani imafuna kusunga ndalamazo kuti igule mabasi komanso isakweze mitengo. Nkhaniyi inaonekera poyera chifukwa cha matramu atsopano. Njanji yochokera kubwalo la ndege kukafika pakati pa mzinda inatsegulidwa pa 31 Meyi 2014, itachedwa ndi zaka zingapo ndipo itadya mapaundi 776 miliyoni, ndalama zoposa kwambiri zimene zinakonzedwa poyamba. Pokonza zotalikitsa njanjiyi mpaka ku Newhaven, khonsolo inawerengera kuti Lothian Buses idzapereka mapaundi 20 miliyoni owonjezera pa phindu la masiku onse. Anthu ambiri, kuphatikizapo bungwe la antchito la Unite, anadandaula kuti okwera basi asanduka olipirira tramu. Mliri utafika phindu linatha, ndipo kampaniyi inaimitsa kaye kupereka ndalama kwa makhonsolo. Njanji ya ku Newhaven inatsegulidwa mu Juni 2023, ndipo tramu inayambanso kudutsa pa Pilrig patapita zaka zoposa 60.

Ntchito za kampani

Mabasi a mumzinda

Phata la ntchito ya Lothian ndi njira zoposa 50 za masana zoyenda mkati mwa Edinburgh ndi m'matauni oyandikira monga Musselburgh, Dalkeith ndi Penicuik. Njira zambiri sizithera pakati pa mzinda. Basi imanyamuka mbali imodzi ya mzinda, kudutsa pakati, kawirikawiri mu Princes Street kapena pa milatho ya North Bridge ndi South Bridge, n'kukathera mbali inayo. Mwachitsanzo, basi nambala 26 imachokera ku Clerwood kumadzulo, kudzera ku Portobello m'mphepete mwa nyanja, mpaka ku East Lothian, ndipo nambala 37 imalumikiza Silverknowes kumpoto ndi Penicuik kummwera. Kayendetsedwe kotere kamathandiza kuti munthu adutse mzinda wonse ndi tikiti imodzi, komanso kuti mabasi asamaunjikane pamalo amodzi podikira nthawi yonyamuka. Njira zina zimazungulira m'mbali kuti zifike kumalo kopita anthu ambiri, monga chipatala cha Royal Infirmary ku Little France, chipatala cha Western General, yunivesite ya Heriot-Watt ku Riccarton ndi malo a masitolo a Gyle.

M'misewu ikuluikulu yambiri muli mbali yosungidwira mabasi pa nthawi imene magalimoto amachuluka. M'mbali mwa mzinda mulinso malo, monga Hermiston, Straiton ndi Sheriffhall, amene munthu amasiyapo galimoto n'kukwera basi yolowa m'tauni. Pa masiteji ambiri pali zikwangwani zamagetsi zosonyeza mphindi zimene zatsala kuti basi ifike, ndipo uthenga womwewo umapezeka pafoni.

Usiku ndi kubwalo la ndege

Mabasi a masana akaweruka pakati pa usiku, amalowa mabasi a NightBus, amene manambala ake amayamba ndi chilembo cha N. Amayenda usiku uliwonse, ndipo amadaliridwa ndi ogwira ntchito m'zipatala, m'mahotela ndi m'malo odyera. Basi ya Airlink 100 imayenda usana ndi usiku pakati pa bwalo la ndege la Edinburgh ndi pakati pa mzinda, ndipo ili ndi malo oikamo zikwama.

Kunja kwa mzinda

M'zaka zaposachedwa Lothian yafika m'madera amene makampani ena anawasiya. Mu 2016 First inalengeza kuti ikuchoka ku East Lothian ndipo itseka madepoti ake a ku Musselburgh ndi ku North Berwick. Lothian inatenga madepotiwo pamodzi ndi antchito ambiri, n'kuyambitsa East Coast Buses, imene mabasi ake amafika ku Haddington, North Berwick ndi Dunbar. Mu 2017 Stagecoach itasiya njira ya ku South Queensferry, Lothian inalowapo ndi dzina loti Lothian Country. Mu 2018 mabasi a dzina limeneli analowa ku West Lothian, kumatauni ngati Livingston ndi Bathgate, kumene anapikisana ndi First, kenako ndi McGill's imene inagula ntchito za First m'derali mu 2022. McGill's inachokako kumapeto kwa 2023. Mu 2024 Lothian inagulanso kampani yaing'ono ya Eve Coaches ya ku Dunbar.

Alendo odzaona malo

Edinburgh imalandira alendo ambiri, makamaka mu Ogasiti pa nthawi ya zikondwerero za zisudzo ndi nyimbo, komanso kumapeto kwa chaka. Kudzera mu nthambi yake ya Edinburgh Bus Tours, Lothian imayendetsa mabasi osanja opanda denga amene amazungulitsa alendo m'malo otchuka, monga nyumba yachifumu ya Holyroodhouse ndi sitima yapamadzi ya Britannia ku Leith. Nthambiyi inakula mu 2002 pamene Lothian inagula kampani ya Mac Tours yomwe inkapikisana nayo.

Matikiti

M'mabasi a mumzinda mtengo wa ulendo umodzi ndi umodzi, kaya munthu atsika pa siteji yachiwiri kapena apita mpaka kumapeto. Zimenezi zimakomera anthu okhala kutali ndi pakati pa mzinda, amene ambiri amakhala m'nyumba za khonsolo. Mabasi a East Coast Buses ndi Lothian Country okha ndi amene mtengo wake umatengera kutalika kwa ulendo. Wolipira ndi ndalama yapamanja amaponya m'kabokosi ka pafupi ndi dalaivala, ndipo dalaivala sapereka chenji. Izi zimafulumizitsa kukwera komanso zimateteza dalaivala kwa akuba.

Pali tikiti ya tsiku lonse, ndiponso khadi la Ridacard lokhala ndi chithunzi cha mwini wake, limene munthu amalipira pa mlungu, pa milungu inayi kapena pa chaka. Tikiti ya tsiku ndi khadili zimagwiranso ntchito pa tramu. Kuyambira mu 2019 anthu amalipiranso pongogunditsa khadi la kubanki kapena foni pa makina a pakhomo, m'dongosolo lotchedwa TapTapCap. Makinawo amawerengera okha maulendo, ndipo ndalama zikafika pa mlingo wa tsiku amasiya kudula ngakhale munthuyo apitirize kukwera.

Ku Scotland anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi anthu ambiri aulumali amakwera basi ulele m'dziko lonse kuyambira mu 2006. Pa 31 Januwale 2022 mwayiwu unafikanso kwa ana ndi achinyamata osakwana zaka 22.

Mabasi ndi magalaja

Mabasi ambiri a Lothian ndi osanja. Amapakidwa utoto woyera ndi wofiira moderako, wotchedwa madder potengera chomera chimene mizu yake inkapangira utoto wa nsalu. Mitundu imeneyi ndi yochokera ku matramu akale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampaniyi inayamba kupaka mabasi atsopano mawangamawanga kuti anthu azizindikira msanga basi yosavuta kukwera, koma mu 2010 inabwerera ku mitundu yakale.

Kwa zaka zambiri mzindawu unkagula mabasi a Leyland, monga Titan, Atlantean ndi Olympian, ndipo mabodi ambiri ankapangidwa ndi kampani ya Alexander ku Falkirk. Masiku ano mabasi ambiri ndi a Volvo, okhala ndi mabodi a Wrightbus kapena Alexander Dennis. Kuyambira mu 2009 mabasi onse a m'njira za masiku onse ndi otsika pakhomo, moti munthu wa pa njinga ya olumala amalowa popanda kunyamulidwa. Mu 2019 kampaniyi inabweretsa mabasi osanja 42 a mtundu wa Enviro400XLB, otalika mamita oposa 13, a mipando 100 iliyonse.

Pofuna kuchepetsa utsi, Lothian inayamba mu 2011 kugula mabasi ophatikiza dizilo ndi batire. Mu 2017 inayesa mabasi 6 oyendera magetsi okhaokha panjira nambala 1, ndipo mu 2024 inayamba kulandira mabasi osanja a magetsi 50 a mtundu wa Volvo BZL. Chaka chomwecho, pa 1 Juni, khonsolo inayamba kulipiritsa chindapusa magalimoto otulutsa utsi wambiri akalowa pakati pa mzinda.

Mabasi a mumzinda amagona m'magalaja atatu: Central mu Annandale Street, Longstone kumadzulo, ndi Marine pafupi ndi Portobello. Nyumba ya galaja ya Central inamangidwa mu 1922 ngati holo ya zionetsero za malonda, ndipo inasanduka galaja ya mabasi mu 1926. Likulu la kampaniyi lili pomwepo.

Mavuto

Mu 2019 madalaivala a m'bungwe la Unite anavota kuti anyanyale ntchito, ponena kuti mabwana ena ankawazunza ndi kuwaopseza. Sitalakayo inakonzedwa kuti iyambe mu Ogasiti, nthawi imene mzinda umadzaza alendo, koma inaimitsidwa mbali ziwirizi zitagwirizana kutatsala nthawi yochepa.

Mliri wa Covid-19 utafika mu Malichi 2020, chiwerengero cha okwera chinatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100. Mabasi anapitiriza kuyenda kuti anamwino ndi antchito ena ofunika azifika kuntchito, ndipo boma la Scotland linathandiza makampani a mabasi ndi ndalama. Mliri utatha, kampaniyi, monga ena ambiri ku Britain, inavutika ndi kuchepa kwa madalaivala.

Vuto lina ndi chiwawa. Pa 17 Malichi 2021 Lothian inaimitsa mabasi ake madzulo onse kutsatira milungu ingapo imene achinyamata ankagenda mabasi ndi kuvulaza madalaivala m'madera ena. Palinso kuchulukana kwa magalimoto ndi kukumba misewu pafupipafupi pakati pa mzinda. Popeza njira zambiri zimadutsa m'misewu yochepa yomweyo, msewu umodzi ukatsekedwa kuchedwa kumafalikira m'mbali zonse za mzinda.

Malo ake pa mtsutso wa mabasi

Chichokereni 1986, chiwerengero cha anthu okwera basi chatsika m'madera ambiri a ku Britain kunja kwa London, koma ku Edinburgh chinakwera m'zaka za m'ma 2000 n'kukhala pamwamba mpaka mliri unafika. Ofuna kuti mabasi abwerere m'manja mwa makhonsolo, monga gulu la Get Glasgow Moving, amaloza Lothian ngati umboni woti kampani ya anthu onse ingathe kupanga phindu, mitengo ili yotsika ndipo mabasi ali atsopano. Ena amati umwini si chifukwa chokhacho. Amakumbutsa kuti Edinburgh ndi mzinda wothithikana, wa anthu opeza bwino, wokhala ndi sitima zochepa za mkati mwa mzinda ndiponso malo oimikapo galimoto odula, moti basi imapeza okwera mosavuta kusiyana ndi ku Glasgow kumene sitima n'zambiri.

Mu 2019 nyumba ya malamulo ya Scotland inavomereza lamulo lolola makhonsolo kuyendetsanso mabasi awoawo, kapena kulamulira njira ndi mitengo n'kupereka ntchitoyo kwa makampani pa kontirakiti. Kwa khonsolo imene inagulitsa kale mabasi ake, kuyambiranso kumafuna kugula mabasi, magalaja ndi kulemba antchito, zinthu zimene Edinburgh ili nazo kale. Ku England ndi ku Wales kwatsala makampani ochepa a makhonsolo, monga Nottingham City Transport, Reading Buses, Blackpool Transport ndi Cardiff Bus.

Zotsala za mbiri

Mabasi akale a Edinburgh amasungidwa ku Scottish Vintage Bus Museum ku Lathalmond m'dera la Fife, ndipo ena amatulutsidwa kukayenda mumzinda pa masiku apadera. Tramu yakale nambala 35 ili ku nyumba yosungira matramu ya ku Crich ku England. Kachidutswa ka njanji ya matramu a chingwe, kokhala ndi mpata wake wa pakati, kakuonekabe mumsewu wa Waterloo Place, kum'mawa kwa Princes Street.